Zingwe za M'chiuno mwa Nambewe

Mkazi wanga sankadziwa saizi ya diresi. Ukamufunsa pafoni kuti, "Kodi aNambewe, mumavala nambala yanji?" iye ankangoseka, amvekere, "Nambala ndi za mabelo a fodya, ine ndine munthu." Ndiye chaka choyamba nditafika ku Joni, nditafuna kumugulira chovala cha Khirisimasi, anasomola chingwe pathumba la feteleza, n'kudzizunguliza m'chiuno, n'kudula pomwe chinakumana. Anadulanso china chachitali, kuchokera paphewa kukafika m'munsi mwa mawondo. Zingwe ziwirizo anazikulunga m'kajumbo pamodzi ndi mtedza wokazinga n'kupatsira thiransipota, aja amanyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi kumudzi. Ine ndinalowa nazo m'sitolo. Atsikana ogulitsa anafa nazo kuseka poona bambo wandevu akuyesa madiresi ndi chingwe cha saka. Aseke, zawo izo. Diresi lija litafika kumudzi linamukhala ngati telala wasokera pathupi.

Kuyambira pamenepo inasanduka ntchito ya chaka ndi chaka. Chachitali chija anangotumiza kamodzi, poti munthu wamkulu satalikanso. Cha m'chiuno ndiye chinkabwera chatsopano mvula ikamayandikira.

Ine kwathu ndi ku Nathenje, kufupi ndi msewu, koma ndinakalowa chikamwini kuseri kwa Mitundu, njira yopita ku Malingunde. Amene anakhalapo mkamwini akudziwa zomwe ndikunena. Munda ndi wa mkazi, nyumba ili pamalo a eni ake, ngakhale mtengo wa mango wodzala wekha ukafuna kusadza nthambi uyambe wapempha. Atsibweni ake a mkazi wanga, aGwaza, sanali munthu woipa ayi, koma pa mbumba yawo mawu omaliza anali awo. Fodya wathu anatigwetsa zaka ziwiri zotsatana. Ndiye panali mlamu wanga Felesiya, mkulu wake wa Nambewe, wapakamwa ngati lumo. Ankandikuwa pagulu, anthu ali pamjigo, "Alamu, nyumba yaudzuyi mudzafolera malata ife tikadali moyo?" Chilamu n'chilamu, tonse tinkaseka, koma ine mawu aja ankandilowa mpaka m'mafupa.

Basi ya ku Joni ndinakwerera pa Nathenje. Nambewe anandiperekeza pamodzi ndi ana athu, atavala chitenje chake cha kumvano. Anali mkazi wathupi, wamasaya, woti ukamukweza pakaliyala wa njinga umadziwa kuti lero wanyamula munthu. Ndinamuuza kuti ndikakhala zaka ziwiri basi, ndikangogula malata ndabwerako. Iye anati, "Mukadye bwino, musakaonde, anthu angadzati ndinakulodzani." Aaa, zaka ziwiri zake ziti! Ndinatchona ine.

Ku Joni ndinafikira kwa Yusufu, mnzanga wa ku Nathenje konko, mwana wa bambo wina wagolosale. Tinkagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu, matiresi amodzi, mbaula ya palafini pakati. Kuzizira kwa kumeneko, abale, sikufanana ndi kwa kuno. Umadzuka zala zitauma, madzi a m'ndowa atachita kachigamba pamwamba. Ndinalima m'maluwa a azungu, ndinatsuka magalimoto, ndinathawapo apolisi kulumpha mpanda buluku n'kung'ambika mpaka kumbuyo. Yusufu anali wowonda ngati nsungwi, wosakwiya msanga, wophika mpunga wokoma kuposa akazi ambiri. Ndikabwera wopanda ganyu ankangogawa mbale pakati osafunsa kanthu. Iyeyo ndiye anandipezera ntchito yokhazikika, kudzera mwa mayi wina yemwe ankagula zinthu pashopu pomwe ankagwira.

Ntchito yake inali panyumba yosungiramo nkhalamba. Poyamba sindinakhulupirire kuti munthu angatenge bambo ake omubereka n'kukawasiya kwa alendo, iye n'kumabwera Lamlungu ndi maluwa. Koma ndinazolowera. Kusambitsa, kutembenuza, kudyetsa, kunyamula. Mikono yolimira fodya inagwira ntchito pamenepo, moti agogo ena ankakana kunyamulidwa ndi wina aliyense kupatula ine. Mkulu wathu anali sisitala wachizulu, wamfupi, waukali, yemwe sanavutikepo kuphunzira dzina langa. Ankangoti "Malawi."

Mwezi ukayamba tinkayeza nkhalamba zonse. Tsiku lina ndinamuuza sisitala kuti agogo awiri ali ndi makilo ofanana, choncho onse ali bwino. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Malawi, makilo okha sanena kanthu. Makilo 50 kwa munthu wamfupi ndi thanzi, kwa wamtali ndi matenda. Tenga foni yako." Anandiphunzitsa pomwepo. Umayeza kutalika kwa munthu m'mamita, nambalayo n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe. Kenako umatenga makilo ake n'kugawa ndi yankho lija. Chotuluka ndiye amati BMI. Ikatsika kupitirira 18.5 munthuyo waonda mowopsa, ikadutsa 25 thupi layamba kuchuluka, ikafika 30 ndiye mtolo weniweni. Amene sankatha kuimirira tinkawayeza chigonere pabedi, tepi kuyambira paliwombo mpaka kuchidendene. Pa makilo tinali ndi sikelo yampando, koma ikawonongeka ndinkamunyamula munthuyo n'kukwera naye pasikelo wamba, kenako n'kukwera ndekha, n'kuchotsera. "Kutalika ukayeza kamodzi kwatha," ankatero sisitala. "Iwe uziyang'ana chimene chikusintha."

Panali mkulu wina wachibunu, tinkamutchula Madala Piti, mlimi wakale wamtali ngati chitseko. Anabwera ataonda, BMI ili pa 17, akulavula chakudya chilichonse n'kumatukwana anthu m'chiyankhulo chake. Onse anamulephera. Ine ndinakumbuka phala lansinjiro la kwathu. Ndinapempha kukhitchini kuti andiphikire phala lamadzimadzi, ndinathiramo chiponde ndi kashuga, n'kukhala naye pansi. Supuni imodzi, kutukwana, supuni ina, kutukwana. Ndinkamuyankha m'Chichewa, "Tukwanani agogo, bola mumeze." Miyezi ingapo itadutsa Madala Piti anafika pa 20. Sisitala anandiombera m'manja pamaso pa anthu, mwana wake wa mkuluyo anandipatsa jekete lachikopa. Nkhaniyi ndinamufotokozera Nambewe pafoni, osati kamodzi. Ndinkadzitama nayo ngati ndapha mkango. Iye ankamvetsera, n'kumati, "Ndiye kuti mukangomuona munthu mumadziwa kuti waonda?" Ine, "Eee, ngakhale asanakwere pasikelo. Ndi ntchito yanga imeneyo."

Kukhitchini kuja zotsala zinali zathu. Nyama, buledi wopaka majarini, kasitadi. Ine amene ndinachoka ku Nathenje lamba ali pabowo lomaliza, ndinayamba kuboola mabowo atsopano mbali inayo. Sisitala anandikweza pasikelo tsiku lina n'kupukusa mutu, "Malawi, 31. Udzafa ndi shuga iwe." Ndinaseka. Kwathu munthu akanenepa ndiye kuti zikumuyendera. Ndinkadzijambulitsa mimba ili patsogolo n'kutumiza kumudzi, Felesiya n'kumayankha kuti, "Alamu, mwameza ndani kumeneko?"

Zingwe zija zinkabwerabe. Sindinkataya, ndinkaziponya m'thumba la sutikesi. Tsiku lina Lamlungu masana, chatsopano chitangofika, Yusufu anazitulutsa zonse n'kuziyala pamatiresi, choyamba pamwamba, chatsopano pansi. Zinaoneka ngati masitepe. Chilichonse chinali chofupikirapo kuposa chinzake, koma chomalizacho chinafupika kwambiri.

"Achimwene," anatero, "zingwezi mukuziona?"

"Ndikuziona, nanga ndine wakhungu?"

"Alamu akutha kumudziku."

Zinandinyansa. Ndinamuuza kuti iye sanakwatire, za akazi sakuzidziwa. Akazi a masiku ano amafuna m'chiuno mochepa ngati a pa kanema, komanso nyengo yolima aliyense amaphwa. Yusufu sanatsutse. Anangozipinda bwinobwino n'kuzibwezera m'sutikesi. Komabe madzulo ake ndinaimba foni.

"ANambewe, chingwe chafika. Koma mukuonda bwanji chonchi?"

"Mwaona eti?" anatero. Kenako anangoti zii.

Mpata umenewo, abale, ndi umene ndinkayenera kutseka pakamwa panga n'kudikira. Koma ine ndi pakamwa pangapa! Ndinayamba kumuuza kuti asamadzimane, azigula nyama Loweruka pamsika wa Mitundu, aziika aganyu kumunda, ndimutumizira mafuta ophikira ndi mkaka wa m'chitini. Ndinalowa nkhani ya mawindo a nyumba. Iye anangoti, "Chabwino. Nanga mubwera liti?" Ine, "Chaka chamawa." Chaka chamawa chimenecho ndinachinena kangapo. Malata anali atagulidwa kale, koma kunabwera simenti, simenti itatha kunabwera zitseko. Komanso mapepala anga anali atatha kalekale, ndinkaopa kuti ndikatuluka sadzandilolanso kulowa. Ndinenenso chilungamo, kumeneko ndinali munthu wofunika, woitanidwa uku ndi uku. Kumudzi ndikanakakhalanso mkamwini wopempha chilolezo chodulira nthambi. Chaka chotsatira chingwe chinabwera chachifupi kuposa chija. Ndinapita nacho kusitolo, mtsikana wogulitsa n'kundilozera mbali ya zovala za ana asukulu. Ndinagula, n'kutumiza.

Amene anandizula ku Joni ndi Felesiya. Anaimba m'mawa ndili pantchito, ndipo kwa nthawi yoyamba sanayambe ndi nthabwala. "Alamu, ngati mukufuna kudzapeza malata, khalani, sathawa. Ngati mukufuna kudzapeza mkazi, nyamukani." Anadula foni.

Yusufu anandiperekeza kudepoti atandiphikira mpunga wa panjira. M'katundu wanga munali tepi yanga yoyezera ndi sikelo yakale yomwe sisitala anafuna kutaya. Nditatsika pa Nathenje anthu anandiunjirira. "Bwana afika! Ha, Joni yense mwamudya nokha!" Azakhali anga anandigwira masaya n'kululutira. Ndinagona tsiku limodzi, m'mawa n'kudzera m'tauni kupita ku Mitundu. Wakabaza amene anandinyamula kuchokera pamsika anatsika kawiri pachitunda, akuti tayala likulira.

Nyumba ndinaiona ndili patali, malata ali ngwee padzuwa. Pakhonde panali mayi wina wachikulire atakhala pamphasa, atafunda chitenje masana onse aja. Ndinaganiza kuti ndi mmodzi wa amvano wabwera kudzazonda matenda. Ndinagwada pang'ono n'kupereka moni, "Muli bwanji amayi? Kodi eni nyumba ali m'kati?"

Mayiyo anamwetulira. Mano okha ndiwo ndinawadziwa.

"Takulandirani, aPhiri," anatero. "Mwanenepa bwino."

Mayo ine! Pansi pa chitenje chija anali atavala diresi la ana asukulu lija, ndipo nalonso linkamukhuthukira m'mapewa.

Felesiya ndiye anandiuza zonse, titakhala kuseri kwa nkhokwe. Matenda anayamba kalekale, kutaya magazi kosalekeza. Akazi okhaokha ndiwo ankadziwa, poti za kumusi kwa mkazi sauza amuna. Anayamba ndi zitsamba, kenako mapemphero, mochedwa n'kupita kuchipatala. Kumeneko anawatumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, komwe anapeza khansa ya khomo la chiberekero. Adokotala anati pali mankhwala a m'diripi oti angathandize, koma thupi lafooka kwambiri, akadye kaye abwerenso. Tsiku lobwerera linali sabata yotsatira. "Akamubwezanso ulendo uno," anatero Felesiya, "ndiye kuti basi."

M'mawa mwake ndinadzuka ndi mtima wa ntchito. Ndinati kulira sikuthandiza, ine izi ndimazidziwa, ndione kaye pomwe tili. Ndinaika sikelo pasimenti, ndinamunyamula Nambewe n'kukwera naye, kenako ndekha. Makilo 38. Thumba la feteleza limalemera kuposa pamenepo. Kuimirira mowongoka sankatha, msana unkamupweteka, ndiye ndinachita zomwe ndinkachita ndi nkhalamba ku Joni osaganiza n'komwe. Ndinamugoneka chagada pamphasa, ndinamuwongola miyendo, manja m'mbali, n'kutambasula tepi kuyambira paliwombo mpaka kuchidendene. Mita imodzi ndi masentimita 60. Ndinali nditagwada pambali pake, ndikudina foni, yankho litangotuluka kuti 14.8, pomwe chitseko chinatseguka.

Felesiya anagwetsa beseni la madzi. Kukuwa kwake kunamveka mpaka kudambo. "Mayooo! Akumuyeza! Anthuni bwerani, akumuyeza ali moyo!"

Pamenepo mpamene mutu wanga unabwerera kumudzi. Kwathu kuno munthu wogona chagada amayezedwa kamodzi kokha. Amabwera ndi adzukulu, aja okumba manda, atatenga bango, n'kuliyala kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuti akadziwe kutalika kwa dzenje. Ndinazidziwa izi ndili mwana. Ndinaziiwala bwanji, kaya. Anthu anadzaza pakhomo, ine tepi ili m'manja, mimba ili uko, mkazi wanga ali gone pamphasa ngati mtembo. Ndinayesa kufotokoza za mamita ndi makilo, koma ndani akanamva? Ndinamva mayi wina kumbuyo akunong'ona mokweza dala, "Iye kunenepa, mkazi kuuma. Za ku Joni timazidziwa, chuma chake sichibwera chokha."

AGwaza anafika ndi ndodo yawo, anayang'ana tepi, anayang'ana ine. Sanakalipe.

"Mkamwini, kumene munaliko mwina amayeza amoyo. Kuno timayeza maliro. Mwafulumira."

"Atsibweni, ndimafuna ndidziwe m'mene thupi lathera kuti..."

"Kuti lathera mukufuna chingwe chikuuzeni? Ife takhala tikuona ndi maso zaka zonsezi."

Analamula kuti Nambewe akagone kwa mkulu wake, ndipo kuchipatala wosamalira wodwala akhale Felesiya. Ine ndikhoza kutsagana nawo, poti pafunika wonyamula. Ndinatsala ndekha m'nyumba yamalata ija, zitseko zake zatsopano zikununkhabe vanishi.

Zomwe sindinkadziwa n'zakuti ulendo woyamba uja Felesiya anacheza ndi anzake odikirira odwala panja pa wodi. Kumeneko nkhani zimayenda zambiri, zoona ndi zabodza. Wina anamuuza kuti sikelo ikangodutsa makilo 40 adokotala sabweza munthu, amamuika diripi tsiku lomwelo. Felesiya anasunga mawuwo. Dzulo lake la ulendo anapita pamsika wa Mitundu kwa bambo wina wogulitsa nyama yambuzi, n'kubwereka miyala iwiri yachitsulo ya pasikelo yake, wa makilo awiri ndi wa kilo imodzi. Anaikulunga m'kansalu n'kumumangirira mng'ono wake m'chiuno, pamwamba n'kumuveka zitenje ziwiri. M'minibasi anamukhazika pakati pa iye ndi zenera. Potsika anakana kuti ndimunyamule, anathamangira yekha njinga ya odwala.

Namwino wake anali mtsikana waulemu. Anamuimika Nambewe kukhoma kuyeza kutalika, Felesiya atamugwirira, kenako pasikelo.

"Makilo 41. Mwayesetsa amayi, mwakwerako."

Ine ndinadabwa. Makilo atatu pasabata imodzi, munthu woti phala akumwa masupuni owerengeka? Ngakhale Madala Piti sanakwerepo chonchi. Ndinafunsa kuti makilowo akufunika pa chiyani kwenikweni.

"Mankhwala awa ndi aukali, bambo," anatero namwino uja akulemba. "Sitipereka mofanana kwa aliyense. Timawerengera kukula kwa thupi lonse, ngati khungu la munthu titaliyala pansi monga chitenje, lingatenge malo aakulu bwanji. Kutalika ndi makilo ndi zimene zimatiuza zimenezo. Thupi lalikulu, mankhwala ambiri. Tikalakwitsa makilo ndiye kuti talakwitsanso mankhwala, ndipo kwa munthu wofooka akachuluka amamupweteka m'malo momuchiza."

Nthawi yomweyo Nambewe anadzandira pasikelo paja. Ndinafika ine msanga kuposa Felesiya. Ndinamuwakha monga ndinkawakhira nkhalamba zija, dzanja limodzi kumsana, lina m'chiuno. Dzanja la m'chiuno linagunda chitsulo.

Anandiyang'ana, nkhope yake ili pafupi ndi yanga. "APhiri," ananong'ona, "musanene. Ndatopa kubwezedwa."

Felesiya anali atandiponyera diso loti ukangoyerekeza. Ndinamukhazika mkazi wanga panjinga ija pang'onopang'ono. M'mutu mwanga munali phokoso. Ndikakhala chete amuika diripi lero, mwina n'kuchira, mwina mankhwalawo n'kumumaliza sabata yomweyo ine ndikudziwa chifukwa chake. Ndikanena, tibwerera naye ku Mitundu chimodzimodzi, ndipo mudzi wonse udzati mkamwini uja anayamba ndi kumuyeza, wamaliza ndi kumutsekera chitseko cha chipatala. Namwino anali atatembenuka kale kuti apite ndi makilo aja kwa adokotala.

"Asisi," ndinatero, "tamuyezaninso. Ali ndi miyala m'chiuno."

Namwino sanakalipe. Anatseka katani, anamasula kansalu kaja, miyala n'kuiika patebulo kuti gu. Anangoti, "Amayi, si inu oyamba, koma musadzachitenso." Sikelo inanena 38. Adokotala atabwera anaona makilowo, anaonanso zotsatira za magazi, n'kutiuza mofatsa kuti nkhani si makilo okha, magazi nawonso achepa kwambiri, thupi silingapirire diripi. Anamupatsa magazi botolo limodzi, mapiritsi, mankhwala opha ululu ndi mapaketi a chiponde cha kuchipatala, n'kuti tibwerenso mwezi wamawa.

Pobwerera Felesiya anafungatira miyala ija pamiyendo njira yonse. Sanandiyankhule mpaka tikuyandikira Mitundu. Pamenepo anati, osandiyang'ana, "Mwamuyeza kawiri tsopano, alamu. Kachitatu musavutike, adzayeza adzukulu." Ndinamuuza kuti wamva yekha adokotala akunena za magazi, ngakhale miyala ikanakhalamo akanamubweza. Iye anati, "Mukudziwa bwanji? Munali m'mutu mwawo?" Sindinkadziwadi, ndipo mpaka lero sindidziwa.

Nambewe anapempha yekha kwa atsibweni ake kuti abwerere kunyumba kwake. AGwaza analola, mwina poona kuti palibenso choteteza. Ndinayamba ntchito yanga. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira lofikisira momwemo, mkaka, nthochi yokanya, chiponde chija. Pang'onopang'ono koma pafupipafupi, monga ankanenera sisitala. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuchapira nsalu zake kuseri anthu akuona n'kumaseka kuti mwamuna wadyetsedwa. Ndinalibe nazo ntchito. Chimene chinkandiwawa n'chakuti manja anga ankadziwa zonse, pogwira, ponyamulira, popendeketsa supuni, ndipo zonsezo ndinaziphunzirira pa makolo a eni ake. Iye sankatukwana ngati Madala Piti. Ankameza kuti andisangalatse, kenako n'kusanza mwakachetechete. Sikelo inakwera kufika 39, ndinavina ndekha pakhonde. Sabata yotsatira inatsikanso. Mwezi utakwana tinapitanso m'tauni, anatibwezanso, ulendo uno atatiwonjezera mankhwala opha ululu okha.

Tsiku lina masana ndinamutulutsa kuti awothere dzuwa pansi pa mango uja ndinadzala ndisanapite. Ndinali ndikupepesa za kuchipatala zija, iye anandidula.

"Za miyala zisiyeni, munachita bwino. Inkandipweteka m'chiuno." Anaseka pang'ono. "Koma zingwe zija munkazilandira zonse?"

"Zonse. Ndinasunga."

"Achemwali ankandiuza kuti ndizidula zazitali, kuti musamade nkhawa kuntchito. Ine ndinkakana. Ndinkadula pomwe chakumana penipeni, nthawi zina n'kukokako mpweya kuti chifupike bwino."

"Bwanji osangondiuza pafoni, aNambewe?"

"Matenda a kumusi munthu unganene bwanji pafoni, ana ali pomwepo? Ndinati amuna anga ntchito yawo ndi yoyeza anthu. Amati akangomuona munthu amadziwa. Ndinati akaona okha, abwera." Anathothola ulusi wa chitenje chake. "Tsiku lija munaimba n'kuti ndikuonda, ndinasesa m'nyumba monse. Ndinauza achemwali kuti aPhiri aona, akubwera. Kenako kunabwera mafuta ophikira."

Sananene mokwiya. Bola akanakwiya.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Adzukulu atalowa ndi bango lawo ine ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa nyumba. Miyambo yonse itatha aGwaza anandisudzula mwaulemu, n'kundithokoza kuti ndinamusamala mwana wawo masiku omaliza. Felesiya sanabwere kudzanditsanzika. Nyumba yamalata inatsala komweko, mukukhala ana athu, ndiwo eni mudzi. Sikelo ndi tepi ndinazisiya pawindo. Ndinabwerera ku Nathenje ndi sutikesi yomwe ija.

Yusufu amaimba, akuti sisitala amafunsabe za Malawi, malo alipo. Ndimamuuza kuti ayi, ndakalamba. Shuga uja sisitala ankanena anandipezadi, mwezi uliwonse ndimakakwera pasikelo kuchipatala, achipatala n'kumandiuza kuti ndichepetse thupi. Ndimavomera, eee, ndamva.

Tsiku lina ndikufuna chiphaso changa m'thumba la sutikesi ndinakoka zingwe zija, zili chipindire m'mene anazipindira Yusufu. Ndinaziyala pamphasa. Choyamba chija, cha mkazi amene ndinamusiya pa siteji ya basi, chikadali ndi fungo la mtedza wokazinga. Ndinatenga chomaliza, chija ndinapita nacho mbali ya ana asukulu. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinakwinya buluku n'kuchizunguliza pantchafu yanga.

Sichinakumane.